Tiyeni Timate Bwato Mwera Usanafike

Anzanga aseminale, abambo athu ansembe, ndi inu makolo okondedwa, ndiloleni ndiyambe nkhani yanga ndi kuulula cholakwa changa, ngakhale kuti tsamba lino si malo olapira. Ndachisunga mumtima kwa nthawi yaitali, ndipo ndaona kuti n'kwabwino ndichitulutse poyera kuti mwina wina apulumukirepo.

Amalume anga amene amagwira ntchito ku Joni anabweretsera bambo anga laputopu, yakale ndithu koma yolimba. Bambo ndi mlembi wa bungwe la tchalitchi chathu kumudzi, kufupi ndi nyanja, ndipo anaikonda kwambiri mphatso imeneyi. M'menemo analembamo maina a akhristu a m'miphakati yonse, maina a ana ophunzira katekisimu, ndiponso ndalama zimene banja lililonse linasonkha zogulira malata a tchalitchi. Mayi nawonso ankasungamo kaundula wa gulu lawo la banki m'khonde. Tsono ine, poti ndimagwirako kompyuta kuno ku seminale, kwathu ankandiyesa katswiri. Pa tchuthi cha Khirisimasi ndinaona kuti makinawo ankatulutsa uthenga kawirikawiri wopempha kuti achite update, ndipo bandulo inkatha msanga. Popanda kufunsa munthu ndinapita pamalo pake n'kuzimitsa zonsezo. Kenaka ndinaikamo gemu ya mpira imene mnzanga anandipatsa pa fulashi, ya mtundu uja wosagula, umene anyamata timati wothyola. Ndinabwerera ku seminale mtima uli mbee, poganiza kuti ndathandiza makolo anga kusunga ndalama.

Pofika pa tchuthi cha Pasaka ndinapeza bambo ali khuma. Mafayilo onse anali atakana kutseguka. Pamalo pake panali kakalata ka m'Chingerezi konena kuti zolemba zathu zonse zakhomedwa, ndipo kuti tikafuna kuziwombola tilipire madola. Tinapita nayo ku boma kwa munthu wina wokonza makompyuta. Iye anangofunsa mafunso awiri: "Ndani anazimitsa update? Nanga gemu iyi inachokera kuti?" Ine ndinangowerama. Palibe chimene chinapulumuka. Koma chowawa koposa chinadza pambuyo pake. Pa msonkhano wa tchalitchi bambo atafotokoza kuti kaundula wa malata watayika, anthu ena anayamba kunong'onezana kuti masiku ano ndalama zikasowa amati yadya ndi kompyuta. Munthu amene watumikira mpingo zaka zambiri mokhulupirika anayenda khomo ndi khomo kwa miyezi iwiri, kufunsa timalisiti ndi kufananitsa ndi kope lakale, kuti ayeretse dzina lake. Zonsezi chifukwa cha mwana wake wophunzira.

Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikuwerenga ndi kufunsa za nkhaniyi, ndipo maganizo anga ndi awa: kusiya kompyuta ya kunyumba yosatetezedwa si nkhani ya luso chabe ayi, ndi nkhani ya chikumbumtima, chifukwa zimene timasungamo kawirikawiri si zathu zokha.

Ndifotokoze pang'ono mmene akuba a pa intaneti amalowera, pogwiritsa ntchito chinthu chimene ife a ku Mangochi timachidziwa bwino. Aliyense amene anakulira pagombe, kaya ku Malindi, ku Makawa kapena ku Monkey Bay, amadziwa kuti palibe bwato lopanda mng'alu. Ngakhale mmisiri akhale waluso chotani, dzuwa ndi mafunde zimapeza pofooka. N'chifukwa chake msodzi wanzeru amalitembenuza bwato lake pamchenga, kulifufuza, n'kumata ndi phula paliponse pamene pang'aluka. Kompyuta nayonso ili ndi bwato lake, lomwe ndi pulogalamu yaikulu imene imanyamula mapulogalamu ena onse. Pa makompyuta ambiri a kwathu kuno pulogalamu imeneyi ndi Windows ya kampani ya Microsoft. Inalembedwa ndi anthu, m'mizere mamiliyoni ambirimbiri, ndipo pamene pali dzanja la munthu pamakhalanso zolakwika. Zina mwa zolakwikazo zimakhala ngati mng'alu umene mlendo angalowerepo n'kuyamba kulamula kompyuta ngati yake. Mng'alu ukapezeka, a Microsoft amakonza chigamba n'kuchitumiza kwaulere pa intaneti. Chiyambire October 2003, iwo amatulutsa zigamba zimenezi Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse. Uthenga uja wa update umene umatitopetsa ndi mmisiri amene wabwera ndi phula pakhomo, ife n'kumamubweza.

Pali chinthu china chimene ambiri sitichiganizira. Tsiku limene chigamba chatuluka, akuba nawonso amachiona, ndipo amachifufuza kuti adziwe pamene pali mng'aluwo. Choncho kompyuta imene sinamatidwe imakhala pangozi yaikulu chigamba chitatuluka kuposa kale, pakuti tsopano dziko lonse ladziwa pofooka pake.

Wina asaganize kuti izi ndi nthano zoopsezera ana. Pa 14 March 2017, Microsoft inatulutsa chigamba cha mng'alu wina woopsa umene unali m'chigawo cha Windows chothandiza makompyuta kugawana mafayilo. Anthu ndi mabungwe ambiri sanachilabadire. Patapita miyezi iwiri, pa 12 May 2017, kachirombo kotchedwa WannaCry kanabuka. Kameneka sikankadikira kuti munthu atsegule kalata kapena adine penapake. Kankayenda kokha, kugogoda pa makompyuta amene kawapeza, ndipo kakapeza yosamata kankalowa, kukhoma mafayilo, n'kupempha dipo la madola 300. M'masiku owerengeka chabe kanagwira makompyuta oposa 200,000 m'maiko oposa 150. Ku England zipatala za boma zinasokonezeka kotero kuti maulendo a odwala okaonana ndi madokotala pafupifupi 19,000 analephereka. Taganizani, phula linalipo, laulere, kwa milungu isanu ndi itatu. Chimene chinasowa ndi munthu woti amate.

Ndikudziwa zimene ena mwa inu mukunena mumtima, chifukwa inenso ndinkanena zomwezo. Choyamba n'chakuti: "Kodi wakuba wa kunja angafune chiyani kwa ine, munthu wa ku Makanjira wopanda ngakhale buku la ku banki? Zimenezo ndi za azungu ndi makampani." Abale anga, wakuba wa pa intaneti sawedza ndi mbedza, amakoka khoka, ndipo khoka silifunsa dzina la nsomba. Limatenga chambo, limatenganso kambuzi. Makina ake amayesa makomo zikwizikwi usana ndi usiku, osadziwa n'komwe ngati khomolo lili ku London kapena ku Namwera. Ndiponso si zoona kuti tilibe kanthu. M'kompyuta ya munthu wosauka muli mawu achinsinsi a Facebook ndi imelo, amene wakuba angagwiritse ntchito kulembera achibale athu a ku Joni kuti mayi adwala, tumizani ndalama msanga. Muli zithunzi za ziphaso zathu ndi za ana athu. Ndipo ngakhale mutakhala mopanda chilichonse, makinawo paokha ndi chida: wakuba amatha kuwagwiritsa ntchito mwakachetechete poukira anthu ena, pa bandulo yanu yomweyo.

Sitingathenso kunena kuti zoterezi sizifika ku Malawi. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yopanga mapasipoti inaima kwa milungu ingapo, ndipo mu February chaka chimenecho mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe kuti akuba a pa intaneti analowerera makina a nthambi yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko, ndipo ankafuna dipo limene boma linakana kulipira. Panali mtsutso ndithu pa zimene zinachitika kwenikweni, koma pa za kuvutika kwa anthu panalibe mtsutso. Boma lathu lino la Mangochi, kumene mabanja ambiri amadalira ana awo opita ku South Africa, linamva kuwawa kwake. Makina akakhomedwa kutali, amalira ndi munthu wa kumudzi. Ngati makina a boma, okhala ndi akatswiri owayang'anira, angaime chotero, nanga kalaputopu kathu kosamata kaja n'kotani? Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chachiwiri chimene anthu amanena n'chakuti update imadya bandulo, ndipo magetsi akathima ili pakati kompyuta imasokonezeka. Dandaulo ili ndi loona, ndipo sindilipeputsa. Banja limene likusankha pakati pa ndiwo ndi bandulo silingauzidwe mwachipongwe kuti lingogula basi. Koma tiwerengere bwino. Bandulo imene ine ndinapulumutsa pa tchuthi chija sinafike ngakhale pa ndalama ya minibasi imene tinawononga popita ku boma kwa wokonza uja, osanena za miyezi iwiri ya manyazi a bambo anga. Komanso tinene zoona, anyamata anzanga: bandulo imene timakaniza update ndi yomwe ija timaithera pa mavidiyo a mpira ndi nyimbo. Njira zilipo. Munthu angasankhe tsiku limodzi pamwezi, batire itadzaza, n'kugula bandulo yotsika mtengo ya ntchito imeneyi yokha. Angapemphenso kumene kuli intaneti yokhazikika, monga kusukulu kapena ku ofesi ya mnzake. Msodzi sanena kuti phula lakwera mtengo choncho ndipita panyanja ndi bwato lobooka. Amadziwa kuti kukapa madzi pakati pa mwera n'kodula kuposa phula.

Chachitatu ndi chovuta kwambiri, ndipo ndi chimene chimatikhudza ife a kuno koposa. Makompyuta athu ambiri ndi akaunjika, ochokera ku Joni kapena mphatso za abwenzi a kunja, ndipo amabwera ndi Windows yakale. Apa makolo ayenera kudziwa kuti mmisiri uja samata bwato mpaka kalekale. Microsoft inasiya kutumiza zigamba za Windows XP pa 8 April 2014, za Windows 7 pa 14 January 2020, ndipo thandizo la masiku onse la Windows 10 linatha pa 14 October 2025. Kompyuta yotere imayaka bwinobwino, imalemba makalata, imaimba nyimbo, ndipo mwini wake saona vuto. Koma ming'alu yatsopano ikapezeka palibenso woimata. Ikakhala kuti makina anu angathe kunyamula Windows 11, sinthani. Akakhala kuti ndi okalamba, musawataye, ndiponso musalole kuti wina akuikireni Windows yothyola ya pamsika. Pali mapulogalamu ena oyendetsa kompyuta amene ndi aulere mwalamulo, a mtundu wa Linux. Imodzi mwa iwo, imene inayamba kutuluka mu October 2004 mothandizidwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, dzina lake ndi Ubuntu, mawu amene ndi ofanana ndi umunthu m'chinenero chathu. Imalandira zigamba zake kwaulere, ndipo pamodzi ndi LibreOffice munthu amalemba makalata ndi kuwerengera ndalama popanda kuba chilichonse. Kuizolowera kumatenga masiku angapo, koma mseminale amene amalimbana ndi Chilatini sangagonje pamenepa.

Za mapulogalamu othyola ndinene mosabisa, chifukwa pano ndi pamene ine ndinagwera. Kodi tinayamba tadzifunsa kuti munthu wosadziwika uja, amene anakhala usiku wonse kuthyola gemu yodula n'kuigawa kwaulere, amapindula chiyani? Si onse amene ali achifundo. Ambiri amabisamo kachirombo, ndipo nthawi zambiri malangizo ake amanena kuti uyambe wazimitsa antivayirasi kuti pulogalamuyo ilowe. Ndiko kunena kuti wakuba akukupempha kuti umange galu, iwe n'kumumangadi. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Ena amati, "Ine ndili ndi antivayirasi, basi ndatetezeka." Antivayirasi ndi yabwino, ndipo Windows 10 ndi 11 zimabwera kale ndi yake yotchedwa Microsoft Defender, imene sitiyenera kuizimitsa. Koma antivayirasi ili ngati galu wa pakhomo. Galu amauwa akaona mlendo amene wamuzindikira kuti ndi wachilendo, koma samanga khoma logumuka, ndipo nayenso amafuna kudyetsedwa nkhani za tizirombo tatsopano tsiku ndi tsiku. Galu ndi khoma zimayendera limodzi.

Tsono ndibwerere ku chimene ndinanena poyamba, kuti iyi ndi nkhani ya chikumbumtima. Ife tikuphunzitsidwa kuno kuti, Mulungu akalola, tidzakhale ansembe. Wansembe ndi munthu amene anthu amamusungitsa zinsinsi. Cha mu kulapa chimakhala mumtima mwake ndipo palibe makina amene angachibe. Koma pali zambiri zimene masiku ano zimalembedwa pa kompyuta ya parishi: maina a obatizidwa, nkhani za maukwati amene ali pa mavuto, mndandanda wa odwala ndi amasiye olandira chithandizo, makalata opita kwa Ambuye Episkopi, ndalama za mpingo. Mayi amene anafotokoza mavuto a banja lake ku ofesi ya parishi sanapereke chilolezo choti nkhani yake ikhale m'bwato lobooka. Ngati timakhoma tabernakulo ndi kusunga kiyi mosamala, ngati mabuku a ubatizo timawaika m'kabati yokhoma kuopa chiswe ndi moto, bwanji kompyuta imene ili ndi zomwezo timaisiya kuti aliyense abayemo fulashi yake? Kusasamala kumene kumapweteka mnzako sikungatchedwe tsoka chabe.

Choncho kwa inu abambo athu ansembe, pempho langa laulemu ndi ili: kompyuta ya parishi ikhale ndi munthu mmodzi woiyang'anira, amene mwezi uliwonse azionetsetsa kuti zigamba zalowa. Isakhale yoonerapo mafilimu kapena yosewererapo achinyamata. Ndipo mabuku a pamanja asatayidwe, pakuti kope lakale ndi limene linapulumutsa bambo anga.

Kwa inu makolo, musaope kutifunsa ife ana anu. Kudziwa kudina mabatani si nzeru. Mwana akagwira makina a pakhomo mufunseni kuti wasintha chiyani, waikamo chiyani, ndipo wachitenga kuti. Safunsa anadya phula. Pemphani kuti akupangireni makomo awiri olowera pa kompyutayo: limodzi la mwini, lokhala ndi mphamvu yoika mapulogalamu, lotsekedwa ndi mawu achinsinsi aatali amene inu nokha mukuwadziwa, ndi lina la ntchito za tsiku ndi tsiku, lopanda mphamvu imeneyo. Kachirombo kakalowera pa khomo laling'onoli sikakhala ndi ufulu wofanana ndi wa mwini nyumba. Koposa zonse, zolemba zofunika muzizikopera pa fulashi yapadera, imene mukatha muziichotsa n'kuisunga m'sutikesi pamodzi ndi makadi a ubatizo. Fulashi yosiyidwa pa kompyuta imakhomedwa limodzi ndi kompyutayo. Tsoka likagwa ndithu, chotsani makinawo pa intaneti, musabayemo fulashi ina, ndipo musathamangire kulipira dipo, chifukwa wakuba alibe lonjezo. Zomwezi zikukhudzanso mafoni athu, amene nawonso amapempha update ndipo ndi amene amasunga ndalama za mabanja ambiri.

Kwa inu anzanga aseminale, mawu anga ndi awiri. Oyamba, tisiye kudzitama ndi luso lothyola. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limaletsa kulowa m'kompyuta ya wina popanda chilolezo ndi kufalitsa tizirombo, ndipo bungwe la MACRA lili ndi gulu loona za chitetezo cha pa intaneti. Koma ife sitifunika kudikira lamulo la boma kuti tidziwe kuti kutenga chosagula ndi kusuzumira m'zinsinsi za ena n'kulakwa. Achiwiri, luso limene tili nalo likhale utumiki. Mpingo watipatsa chitsanzo cha msinkhu wathu, Carlo Acutis, mnyamata wa ku Italy amene anamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15, yemwe anagwiritsa ntchito luso lake la kompyuta kusonkhanitsa pa intaneti mbiri ya zozizwitsa za Ukaristia. Papa Leo XIV anamulengeza kukhala woyera pa 7 September 2025. Ife mwina sitingachite zazikulu chotero, koma aliyense wa ife akapita ku tchuthi angathe kukhala pansi masana amodzi ndi laputopu ya makolo, ya katekisiti kapena ya aphunzitsi a kumudzi, kuona kuti ili ndi Windows iti, kuyatsa update, kuchotsa zothyola ndi kukopera mafayilo. Tikanakhala kuti tonse a pa seminale pano tachita zimenezi pa tchuthi chimodzi, makomo angati a mu dayosizi yathu ya Mangochi akanatetezeka?

Bambo anga anandikhululukira, ndipo malata a tchalitchi anagulidwa. Koma madzi akatayika saoleka: maina ena a ana a katekisimu tinawalembanso kuchokera m'mutu, ndipo zithunzi za ukwati wa achemwali anga zinapita mpaka lero. Laputopu ija tsopano ili ndi Ubuntu, ndipo Lamulungu loyamba la mwezi, pochokera ku tchalitchi, bambo amaiyatsa kuti ilandire zigamba zake, kenaka amakopera kaundula pa fulashi imene mayi amasunga. Amachita zimenezi monga mmene agogo anga ankatembenuzira bwato pamchenga mwezi wa May, nyanja ikadali bata, podziwa kuti mwera suchenjeza tsiku limene udzafike.

Tchuthi chikubwerachi, abale anga, tisanatenge mpira kapena mbedza, tiyeni tiyambe tatembenuza bwato.